Anakhala pa Mpando wa Malemu

"Ndiye ukundiuza kuti amuna akuluakulu angathamange masana onse, thukuta kamukamu, n'kubwerera kwawo popanda ndi mmodzi yemwe wogoletsa?"

"Zimachitika," anatero Bryony.

"Inu n'kuwaombera m'manja?"

"Zikachitikira koyenda, timaimba njira yonse mpaka kufika kwathu."

Efren anapukusa mutu. Ankayenda m'mbali mwa ngalande yakale ya m'tauni ya Holmbeck, manja ali m'matumba chifukwa cha chisanu, kagalu ka Bryony kotchedwa Pickle kali patsogolo kununkhiza mpanda uliwonse. Kwawo kwa Efren Magbanua ku Philippines, mwana amayamba kuponya mpira mudengu asanadziwe kumanga nsapato, ndipo zigoli zimagwa ngati mango tsiku la mphepo. Zoti kuli masewero amene munthu amadikira chigoli mpaka miyendo kuchita dzanzi, anadzazimvera kuno ku Mangalande atabwera kudzagwira ntchito pachipatala. Chaka choyamba sanazilabadire. Loweruka ankangoona khamu la anthu ovala masikafu obiriwira likutsetserekera kubwalo la Tanyard, madzulo n'kuliona likubwerako nkhope zili zakugwa ngati lachokera kumaliro, iye n'kumadzifunsa kuti kodi anthuwa akuwakakamiza ndani.

Kenaka anakumana ndi Bryony Ackroyd, ndipo nkhaniyo inasiya kuseketsa.

"Tandifotokozerenso za opusayidi zija," anatero. "Dzulo ndinazimva, koma zandithawa ndili m'tulo."

Bryony anaima. Patsogolo pawo panali nkhalamba ina yoyenda ndi ndodo. "Waona agogo awo? Tiyerekeze kuti ndi wotchinga kumbuyo womaliza wa timu inayo. Ine ndili ndi mpira. Pickle ndi wogoletsa wanga. Akawadutsa agogowo ine ndisanamupatsire mpira, basi, wapalamula."

Asanamalize n'komwe, Pickle anaona bakha, n'kuliyatsa liwiro kudutsa agogo aja.

"Ndiye galuyu moyo wake wonse ali opusayidi," anatero Efren.

Bryony anaseka mpaka kugwira chitsulo cha mlatho. Efren ankakonda kusekako. Mtsikanayu sankaseka kawirikawiri chimwalirire bambo ake chaka chathachi, ndipo akaseka ankaoneka wodabwa, ngati wapeza m'thumba chinthu chimene ankayesa kuti chinatayika.

Atapuma, analowetsa dzanja lake m'thumba la jekete la Efren n'kugwira zala zake.

"Loweruka timu yathu ikusewera pakhomo," anatero osamuyang'ana. "Ndakupezera tikiti."

Efren anadziwa kuti nkhani si ya mpira. Anthu a m'banja la Ackroyd saonera mkamwini pabalaza. Amamuonera kubwalo.

"Kukakhala ndani?"

"Mayi. Dale. Ndi Kieran."

"Kieran uja?"

"Amakhala nafe mzere umodzi kuyambira tili ana. Ndi mnzake wa Dale. Za iye ndi ine zinatha kalekale, Efren, ndinakuuza."

"Iyeyo anauzidwa?"

Bryony anamutsina pachala. "Usayambe."

* * *

Masiku otsatirawo Efren anawathera pafoni, kuonera mipira yakale ya Holmbeck. Anaphunzira kuti wovala malaya osiyana ndi anzake ndi goloboyi, kuti woimbira sakhala ndi mbale wake m'bwalo monse, komanso kuti timuyi inali kumunsi kwenikweni kwa ligi, ikuzendewera.

Lachisanu masana anatumiza uthenga kwa Bryony.

"Ndivale chiyani mawa?"

"Chilichonse kupatula chofiira. Ukavala chofiira sindikukudziwa."

"Nanga Mayi ndikawapatse moni wotani? Kwathu timagwira dzanja lawo n'kuliika pamphumi."

"Mayi anga ukawatero ayesa ukufuna uwabere wotchi. Ingonena kuti kwazizira lero. Avomera."

"Ndili ndi mantha."

"Inenso. Ndimakukonda. Ubwere ndi masokosi awiriawiri."

Akumwetulira chomwecho, panalowa uthenga wina wochokera kunambala yachilendo.

"Aise, ndine Kieran. Ndamva mawa ndi ulendo wako woyamba. Tikumane kubala yoyandikana ndi bwalo tisanalowe, ndikuphunzitse nyimbo ziwiri zitatu usakachite manyazi. Usadandaule, tikusamala."

Efren anauwerenga kawiri. Sanapezemo choipa. Anadzidzudzula kuti mwina wakhala akumuganizira molakwa munthu wabwinobwino.

* * *

M'balamo munali modzaza moti mowa unkachita kudutsa pamwamba pa mitu ya anthu. Dale, mchimwene wake wa Bryony, anali chimunthu chachitali cha ndevu zofiirira. Anamugwira chanza Efren maso ali pa kanema wa pakhoma.

"Ndiye iwe umasapota timu yanji?"

"Holmbeck."

"Kuyambira liti?"

"Kuyambira Lachiwiri."

Anthu a patebulopo anafa nacho chikhakhali. Dale yekha sanaseke.

"Ine agogo anga ananditengera kubwaloko ndili pamapewa," anatero. "Ndaliona likusefukira madzi, ndaiona timuyi ikutsika ligi kawiri. Iwe ukuti Lachiwiri."

"Dale," anatero Bryony.

"Ndikungocheza naye. Kapena kwawoko sacheza?"

Amene anamuombola ndi Kieran. Anali mnyamata wa maonekedwe abwino, womwetulira msanga, ndipo anamukoleka dzanja paphewa ngati anakulira limodzi. "Musiye mlendo, iwe. Tonsefe tinayamba osadziwa kanthu. Bwera kuno, aise, nyimbo yoyamba ndi yophweka. Ukungotchula dzina la tauniyi mokuwa ngati wina wakuponda chala."

Anamuphunzitsa ndithu. Anamugulira payi ya nyama yotentha, namuchenjeza kuti asailume pakati. Efren anaimba molakwitsa, anthu n'kumuwongolera, ndipo mayi wina wachikulire anamupsompsona patsaya n'kumuuza kuti ali ndi mawu a kutchalitchi. Pamene ankatuluka, mtima wake unali utakhala m'malo.

Pachipata Bryony anamugwira mkono. "Mayi akubwera pabasi, ndikawachingamire. Dale akukagula tiyi. Iwe tsogola ndi Kieran, ndikupeza."

* * *

Efren sanaiwale mmene bwalolo linaonekera atangotulukira pamwamba pa masitepe. Kunja konse kunali kotuwa, nyumba zotuwa, mitambo yotuwa, koma apa panali udzu wobiriwira ngati munda wa mpunga wa kwawo mvula itangokata. Anthu zikwizikwi ankaimba nyimbo ija ya kubala, ndipo inkamveka m'chifuwa osati m'makutu. Anaima kukamwa kuli yasa.

"Tiye," anatero Kieran. Anayang'ana tikiti ya Efren n'kutsonya. "Akuika kumbuyo uko wekhawekha? Ayi, sizoona. Khala apa. Bryony amakhala apa, ndiye mukhala moyandikana."

"Palibe mwini wake?"

"Ukumuona?"

Unali mpando ngati ina yonse, wapulasitiki, wosuluka ndi dzuwa. Efren anakhala. Bambo wina wa mzere wakumbuyo anatsegula pakamwa ngati afuna kulankhula, koma anayang'ana Kieran n'kutsekanso. Mayi wina anagwira mwamuna wake pabondo. Efren anayesa kuti akudabwa khungu lake, poti zimenezo anazizolowera, ndiye anangowamwetulira.

Osewera akutuluka, anaona Bryony akukwera masitepe ndi mayi wamfupi wa imvi, wovala chikhoti chabuluu. Mayiwo anali atatulutsa kale m'chikwama sikafu yakale yothothoka ulusi, ataipinda bwinobwino m'manja. Atafika pamzerewo anakweza maso.

Anaima chilili.

Efren anadzuka mwaulemu. "Mayi, kwazizira lero."

Nkhope ya Bryony inali itayera ngati pepala.

"Efren," ananong'ona, "pamenepo ndi pa Bambo."

Dale anatulukira kumbuyo kwawo ndi makapu a tiyi. Atangoona, tiyi anatayikira pansapato zake. "Wakhala pati? Iwe, wakhala pati? Chimwalirire bambo anga palibe munthu anakhalapo pamenepo! Ngakhale ine!"

"Sindinadziwe. Pepani, sindinadziwe."

Anatembenukira kwa Kieran. Kieran anali atayang'ana kubwalo, akuomba m'manja, ngati nkhaniyo ikuchitikira tauni ina. Kenaka anacheuka ndi nkhope yodandaula. "Aa, aise, ndimayesa tikiti yako ndi ya kumbuyo?"

Mayi Glenda Ackroyd sanakalipe. Anayang'ana mpandowo, nayang'ana sikafu ili m'manja mwawo, n'kuibwezera m'chikwama. "Bryony, khala pansi," anatero motsitsa mawu. "Usanditsatire." Anatembenuka n'kuyamba kutsika masitepe, anthu akuwapatukira.

"Waona?" anatero Dale. "Mayi anga sanatulukepo m'bwalo lino mpira usanathe. Choka. Choka ndisanachite zoti ndidzanong'oneze bondo."

Wezulo inalira, khamu lonse linaimirira ndi mkokomo. Bryony anayesa kumugwira malaya, koma Dale anali pakati pawo. Efren anawerama n'kutsika.

* * *

"Mukatuluka simulowanso," anatero mlonda wa pachipata.

"Ndikudziwa."

Kunja kunali zii. Mapepala a chipisi ankauluka mumsewu. Efren ankafuna kungoyenda mpaka kukafika kunyumba, kukatseka chitseko, osadzamvanso dzina la Holmbeck. Koma atakhota pakona anawaona. Mayi Glenda anali atakhala pakampanda ka njerwa kuseri kwa bwalo, chikwama pamiyendo, mutu atapendeketsa ngati munthu womvetsera wailesi ya kwa aneba.

Anafuna kubwerera. Koma sanathe kuwasiya. Anayandikira n'kuima pataliko.

"Mayi, sindikupempha kuti mundikhululukire lero. Ndimangofuna ndidziwe ngati muli bwino."

"Shh."

M'bwalomo munamveka mawu aatali otsika, ngati mphepo ikutuluka m'thayala.

"Taphonya," anatero mayiwo. "Mpira wadutsa pamwamba. Ameneyo ndi mnyamata wathu wa kumanzere uja, amamenya ngati akufuna kugwetsa ndege." Anamuyang'ana Efren koyamba. "Mwangoima bwanji ngati mtengo wa magetsi? Khalani. Pano palibe mwini wake."

Efren anakhala, njerwa zikumuzizira.

Kenaka kunamveka malikhweru ndi kukuwa kwaukali.

"Nanga pamenepa?" anafunsa Efren mwamantha.

"Woimbira. Watikanira penate, kapena wawapatsa iwowo faulo yabodza. Mukamva anthu akutchula mayi ake a munthu, dziwani kuti ndi woimbira."

"Mumadziwa bwanji zonsezi osaona?"

Mayi Glenda anapukuta mphuno ndi kansalu. "Ndili ndi pakati pa Dale, adokotala anandiletsa kulowa. Nthawi imeneyo kunalibe mipando, tinkaima mothithikana, chigoli chikalowa umapezeka uli mizere isanu kutsogolo. Ndiye mwamuna wanga Stan ankalowa yekha, ine n'kukhala pompano. Akatuluka ndinkamufotokozera mpira wonse. Ankapsa mtima kuti ndauona bwino kuposa iye." Anamwetulira pang'ono, kumwetulirako n'kuzimiririka. "Mpando uja ndimaulipirabe. Ndimayalapo sikafu yake. Ndikudziwa kuti ndi zopusa."

"Si zopusa."

"Musandinyengerere."

"Sindikukunyengererani, Mayi." Efren anayang'ana manja ake. "Bambo anga anamwalira ine ndili kuno. Patapata wawo adakali pakhomo pomwe anamuvula tsiku lomwe anapita kuchipatala. Mayi anga akamasesa amamuzungulira. Mvula ikamabwera amamulowetsa, ikakata amamubwezera pomwepo, moyang'ana kunyumba, ngati munthu wangolowa kumene. Ndikanadziwa za mpando uja, bwenzi nditaima masana onse."

Mayi Glenda anatembenukira kwa iye.

"Mayi anuwo ali ndi ndani kumeneko?"

"Mchemwali wanga ndi ana ake."

"Mumawaimbira?"

"Lamlungu lililonse. Amandifunsa ngati ndikudya."

"Mukudya?"

"Lero ndadya payi. Yandiwotcha lilime."

"Munailuma pakati."

Pomwepo kunamveka kaphokoso kakang'ono kochokera mbali yakutali ya bwalo, kachisangalalo koma kopyapyala. Mbali ina yonse inangoti zii. Efren anadziwa asanauzidwe.

"Atigoletsa," anatero.

"Mwati chiyani?"

"Alendo agoletsa. Eti?"

"Ayi, poyamba munati *atigoletsa*." Mayiwo anapukusa mutu. "Mwayamba msanga kuvutika, mwanawe."

Foni ya Efren inanjenjemera. Anali Bryony. "Uli kuti? Mayi sakuyankha. Ndikutuluka pompano."

Anawaonetsa mayiwo.

"Muuzeni akhale. Timu ikutsalira, wina wa kwathu azikhalapo."

Efren analemba: "Usatuluke. Ndili ndi Mayi panja. Ali bwino. Akundiphunzitsa mpira."

Yankho linabwera msanga. "Chiyani?? Efren, pepa. Ndinayenera kukuuza za mpandowo. Ndimalephera kuutchula. Pepa, wokondedwa."

"Yang'ana mpira. Udzandiuze ngati wa kumanzere uja wagwetsa ndege."

* * *

Pa nthawi yopuma Efren anakatenga tiyi kugalimoto yogulitsa zakumwa imene inali pakona. Mayi Glenda anagwira kapu ndi manja onse awiri.

"Ndikufunseni," anatero. "Anakuonetsani mpando umene uja ndani?"

Dzinalo linali pamlomo pa Efren.

"Munalowa ndi Kieran," anapitiriza mayiwo. "Ndikudabwa kuti sanakuletseni. Mwana amene uja ndinamulera ngati wanga. Mayi ake atathawa, ankagona kwathu. Stan akudwala, ndi iye ankamunyamula kupita naye kubafa pamene Dale ankalephera, akungolira. Bokosi ananyamula nawo."

Efren anawayang'ana. Maso awo anali ofiira kale. Tsiku limodzi lomweli anali atawalanda mpando wa mwamuna wawo. Akanawalandanso mwana?

"Ndinangoona pali malo, Mayi," anatero.

"Mmm." Anamwa tiyi. Sanafunsenso, koma Efren sanadziwe ngati amukhulupirira.

Chigawo chachiwiri chitayamba, Mayi Glenda anamuuza kuti atsinzine. "Maso amanama. Mvetserani. Mukumva mmene phokoso likukwerera pang'onopang'ono? Ndiye kuti tikupita kutsogolo. Likaduka mwadzidzidzi, tataya mpira. Kuomba m'manja kwa apo ndi apo, wotchinga kumbuyo wachotsa. Tsopano nenani inuyo."

Efren anatsinzina. Poyamba linali phokoso chabe. Kenaka anayamba kumva kuti lili ndi mpweya, limakoka n'kutulutsa ngati chinyama chimodzi chachikulu. Mapazi anayamba kugunda pansi mogwirizana.

"Kona?"

"Kona."

Kunadza bata lalifupi, loopsa, ngati anthu onse aja agwira mpweya nthawi imodzi. Efren anapezeka kuti nayenso sakupuma. Ndiye bwalo linaphulika. Nkhunda zinauluka padenga, kampanda kanachita kunjenjemera.

Efren sanadziwe kuti wadumpha liti. Anangopezeka ali pakati pa msewu, manja m'mwamba, tiyi ali pamalaya, akukuwa m'chilankhulo cha kwawo mawu amene mayi ake akanamumenyera. Atacheuka anapeza Mayi Glenda akuseka, misozi ikutsika, dzanja lili pakamwa.

"Simunaone n'komwe!" anatero.

"Chinali chokongola, Mayi! Chinali chigoli chokongola kwambiri!"

"Mwina chagunda munthu pamsana n'kulowa."

"Ngakhale!"

Anabwerera pakampanda akupuma mwawefuwefu. Mayiwo anatulutsa kansalu kena n'kuyamba kumupukuta tiyi pajekete mosafunsa, mwaukali, ngati mmene amachitira mayi aliyense.

"Mwana wanga amaseka akamalankhula nanu pafoni," anatero maso ali pajekete. "Ndimamumva kuchipinda. Ndinali nditaiwala mmene amasekera. Ndinabwera lero nditakonzeka kukudani, mukudziwa? Ndimati munthu wochokera kutali chonchi tsiku lina adzamunyamula, ine n'kutsala ndi mipando iwiri."

"Sindinabwere kudzakulandani munthu, Mayi."

"Onse amatero." Anapinda kansaluko. "Koma mwatuluka m'bwalo n'kudzaima pamphepo chifukwa cha nkhalamba imene simukuidziwa. Chimenecho ndachiona."

* * *

Mpira utatsala pang'ono kutha, alonda anatsegula zipata zikuluzikulu kuti ofulumira azituluka. Mayi Glenda anadzuka n'kukonza chikhoti.

"Tiyeni. Akatsegula chonchi safunsa tikiti. Mukaoneko ndi maso pang'ono, mungadzanene kuti Glenda anakumanitsani mpira."

Anamugwira pamkono pokwera masitepe. Atatulukira pamwamba, magetsi a bwalo anali atayaka ndipo kamvula kankawaza. Anthu onse anali chiimire. Mnyamata wa kumanzere uja anali ndi mpira, akuthamanga m'mbali mwa mzere, matope akuuluka.

"Asamenye," anapemphera Mayi Glenda. "Ambuye, asamenye yekha."

Sanamenye. Anaupatsira pakati, munthu wina wamfupi anadzigwetsa nawo ndi mutu, ukonde unagwedezeka.

Efren anakumbatiridwa ndi mlonda, kenaka ndi bambo wina wonenepa amene anamunyamula m'mwamba ngati mwana. Ankaseka, ankakuwa dzina la tauni ija ndi mawu onse. Atatsitsidwa, chinthu choyamba chimene anafuna ndi nkhope ya Bryony. Anaifunafuna m'mizere ya kumunsi mpaka anaipeza.

Bryony anali m'manja mwa Kieran. Zimenezo zokha sizikanamuvuta, poti bwalo lonse linali lokumbatirana. Koma Kieran anamugwira nkhope ndi manja awiri n'kumupsompsona pakamwa. Bryony anamukankha pachifuwa. Anamukankha ndithu, Efren anaona. Chimene sanathe kudziwa n'chakuti kodi kukankhako kunachedwa, kapena ndi mtima wake umene unaima. Dale anali pambali pawo akuseka, akumumenya Kieran pamsana.

Kenaka Bryony anakweza maso, n'kuona Efren ali pamwamba pa masitepe ndi mayi ake. Anatsegula pakamwa kumuitana, koma wezulo yomaliza inalira, khamu linayamba kukhamukira m'mipata, ndipo nkhope yake inamira pakati pa masikafu.

Dzanja la Mayi Glenda linalimba pamkono wa Efren. Nawonso anali ataona.

"Pachigoli anthu amapenga," anatero. "Ine ndinapsompsonapo wapolisi." Koma mawu awo sanamveke ngati a munthu wotsimikiza, ndipo maso awo anali pa Kieran, akumuyang'ana ngati akuwerenga chinthu cholembedwa mwaching'ono.

Foni ya Efren inayamba kulira m'thumba. Sanaitulutse.

"Yankhani," anatero mayiwo.

"Sindikudziwa choti ndinene."

"Ndiye musanene lero. Mubwere kunyumba mawa masana tidzadye. Ndikuwotcha nyama. Mwaitanidwa ndi ine, osati Bryony, ndipo Dale alibe mawu patebulo langa."

"Zikomo, Mayi."

"Musathokoze msanga." Anamasula mkono wake n'kumanga batani la pakhosi. "Kieran amadya kwathu Lamlungu lililonse, ndipo sindinamuuzepo kuti asabwere."